Harvey Milk anagwa katatu, kachinayi n'kupambana: chinasintha n'chiyani?

Mabvuto Zulu
Akuluakulu, moni nonse. Pa nkhani ya mawadi imene tinaisiyira panjira sabata yatha, a Sakala anatchula Harvey Milk ngati munthu amene anapambana chifukwa malire a masankho anasintha. Tiyeni tiifukule bwino. Munthuyu anali wa ku America, ankagonana ndi amuna anzake ndipo sankabisa. Anaima pa masankho mu 1973, 1975 ndi 1976, konseko n'kugwa. Mu Novembala 1977 anapambana mpando mu khonsolo ya mzinda wa San Francisco. Kodi m'zaka ziwiri zokha anthu anasintha mtima, kapena chinasintha ndi china?

Jere, woyang'anira gulu
Musanayambe, mundimve. Nkhaniyi imautsa mtima, tonse tikudziwa. Pano tikukamba mbiri, malamulo ndi kayendedwe ka masankho. Wotukwana ndimuchotsa. Komanso pasapezeke wotchula dzina la munthu wa kuno ku Chipata kapena kuloza nyumba ya wina. Pitirizani.

Sakala wa ku Kapata
A Zulu, yankho lili m'masamu, osati m'mitima. Khonsolo ya San Francisco, imene iwo amaitcha Board of Supervisors, ili ndi mipando 11. Pa masankho a 1973 ndi 1975 aliyense wofuna mpando ankavoteredwa ndi mzinda wonse. Tayerekezani khansala woimira ku Kapata akuyenera kupempha mavoti ku Mchini, ku Nabvutika, ku Kalongwezi mpaka ku Moth. Amene angakwanitse ndi uja ali ndi ndalama za nyuzipepala ndi wailesi, kapena uja dzina lake likudziwika kale. Wa kagolosale pakona sangaone kolowera.

Mu 1973 Milk anakhala wa nambala 10 mwa anthu 32, ndi mavoti pafupifupi 16,900. Kampeni yonse inamudyera madola 4,500 okha. Koma mukaona mavotiwo dera ndi dera, kwawo ku Castro ndi madera oyandikana nako anatsogola iyeyo. Mu 1975 mipando inali 6, iye n'kukhala wa nambala 7. Anatsala pakhomo penipeni.

Ndiye mu Novembala 1976 anthu a mumzindamo anavota kuti mzinda ugawidwe zigawo 11, chigawo chilichonse chizisankha munthu wake. Castro inagwera mu chigawo cha 5. Pa 8 Novembala 1977 anaimapo anthu 17, Milk n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 30 pa 100 alionse. Onani bwino pamenepo: anthu 7 mwa 10 sanamuvotere, koma mpando anatenga. Ndi momwe zilili kuno pa khansala ndi phungu, wochuluka mavoti ndiye watenga, ngakhale asafike theka. Ndi pulezidenti yekha amene kuyambira 2016 amayenera kupitirira theka.

Mabvuto Zulu
Nanga cha 1976 chija chinali chisankho chanji?

Sakala wa ku Kapata
Chimenecho anadzipalira yekha. George Moscone atakhala meya, anamupatsa Milk mpando mu komiti yomva madandaulo a ziphaso kumayambiriro kwa 1976. Meyayo anali atanena kuti amene wapatsidwa mpando asakaime pa chisankho china. Patangotha milungu isanu Milk analengeza kuti akufuna uphungu wa nyumba ya malamulo ya California, Moscone n'kumuchotsa. Akuluakulu a chipani cha Democratic anali atagwirizana kale pa Art Agnos. Milk anagwa, Agnos atamuposa ndi mavoti osakwana 4,000. Analimbana ndi chipani chake chomwe m'dera lalikulu kuposa mphamvu zake. Phindu lokha n'lakuti dzina linamveka, ndipo atagwa anayambitsa kalabu yakeyake ya ndale.

J. Tembo
A Sakala, masamu anuwo ndi oona koma mukuwapatsa ulemu wonse. Malire atasintha, anthu 16 enanso anali m'malire omwewo. Mmodzi wa iwo, loya Rick Stokes, nayenso ankagonana ndi amuna anzake poyera, anali ndi ndalama, ndipo kalabu yakale ya ndale ya anthu amenewa, yotchedwa Alice B. Toklas, inali pambuyo pake. Bwanji sanapambane iyeyo?

Chimene Milk anali nacho ndi ngongole zimene anthu ena anali nazo kwa iye. Anafika ku San Francisco mu 1972 ali ndi zaka zoposa 40, atagwirapo ntchito ya usilikali wa pamadzi, uphunzitsi ndi ya zachuma ku New York. Mu Malichi 1973 iye ndi bwenzi lake Scott Smith anatsegula sitolo ya makamera pa nambala 575 Castro Street ndi madola 1,000 amene anawatsalira. Sitoloyo ndiyo inasanduka ofesi. Wofuna kulembetsa kuvota, wovutana ndi eni nyumba, womenyedwa ndi apolisi, onse ankathera pamenepo.

Kenako bungwe la madalaivala a malole, Teamsters, linakangana ndi makampani ogawa mowa amene ankakana kusaina mgwirizano wa malipiro, makamaka a Coors. Mtsogoleri wawo Allan Baird anapita kwa Milk. Milk anayenda bala ndi bala m'dera lake kupempha eni ake achotse mowawo, ndipo eni magolosale achiarabu ndi achitchaina anachitanso chimodzimodzi. Mtengo wake anaunena poyera: bungwelo lilembe ntchito madalaivala ogonana ndi amuna anzawo. Linawalembadi. Pofika 1975 a Teamsters, ozimitsa moto ndi mabungwe a omanga nyumba anali kumbali yake. Ambiri mwa amuna amenewa sankagwirizana ndi moyo wake ngakhale pang'ono. Ankangodziwa kuti tsiku lawo la mavuto munthu uyu anabwera.

Esnart Phiri
Ndiwonjezere pa za a Tembo. Eni masitolo akale a m'deralo atayesa kutsekereza amuna awiri kuti asapeze chiphaso cha bizinesi, Milk ndi anzake anayambitsa bungwe lawo la amalonda, Castro Village Association. Mu 1974 anakonza tsiku la malonda mumsewu, kunabwera anthu oposa 5,000. Omwe ankamunyoza aja anagulitsa tsiku limenelo kuposa masiku onse. Wamalonda ukamudzazira thumba, mkangano umachepa.

Ndipo anasintha maonekedwe dala. Mu 1973 anali ndi tsitsi lalitali lomanga kumbuyo. Pofika 1975 anameta, n'kuyamba kuvala suti, n'kusiya chamba. M'mawa ankaima pa malo okwerera basi kupereka moni wa pamanja. Anyamata ndi atsikana ake ankandandalika m'mbali mwa Market Street atanyamula zikwangwani za dzina lake, kubayibitsa opita kuntchito. Zimenezo sizifuna ndalama, zimafuna anthu odzuka m'mamawa. Kampeni ya 1977 anaipereka m'manja mwa mtsikana wa zaka za m'ma 20, Anne Kronenberg.

Amai Mwale
Nonse mwadumpha chinthu chimene chinayamba. Mpaka 1975 kugonana kwa amuna okhaokha unali mlandu ku California. Chaka chimenecho phungu Willie Brown ndi Moscone yemweyo, panthawiyo ali mu nyumba ya Senate ya California, anakankha bilu yochotsa mlanduwo pakati pa akuluakulu ogwirizana. Mu Senate mavoti anafanana, 20 kwa 20. Anatseka zitseko kuti aphungu asatuluke, n'kudikira wachiwiri kwa bwanamkubwa, Mervyn Dymally, abwere pa ndege kuchokera ku Denver kudzaponya voti yomaliza. Lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 1976.

Ndiye ndondomeko yake ndi iyi: mlandu unachoka, malire anasintha, kenako munthu anapambana. Amene akufuna kufananiza ndi kuno ayambire pamenepo. Kuno Penal Code, Chapter 87, ndime 155 ikadalipo, ndipo chisinthireni mu 2005 chilango chake ndi zaka zosachepera 15 mpaka moyo wonse. Ndime 156, ya kuyesa chabe, ndi zaka 7 mpaka 14. Ndime 158 imakhudza amuna ndi akazi omwe, zakanso 7 mpaka 14.

Mabvuto Zulu
Amai, ndiye kuti munthu wotere sangaloledwe n'komwe kuima ngati khansala kuno?

Amai Mwale
Pa pepala palibe funso lotero, mwanawe. Wofuna ukhansala amafunika zaka 19, satifiketi ya Grade 12, umboni woti za misonkho zili bwino, ndalama ya nomineshoni, ndi anthu 9 olembetsa kuvota mu wadi imeneyo omuikira kumbuyo. Ndipo lamulo limalanga mchitidwe, osati chimene munthu ali. Vuto lili panja pa pepala. Anthu 9 aja ayenera kuonekera pamaso pa wolandira mapepala ndi makadi awo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndani mu komboni ya Magazine angavomere nkhope yake ioneke pamenepo? Ndipo mawu amene munthu wanena pa kampeni akhoza kukhala poyambira apolisi.

Ngakhale kulankhula chabe kunafikapo kukhoti. Mu Epulo 2013 Paul Kasonkomona anamangidwa akutuluka pa Muvi TV ku Lusaka, atanena pa pulogalamu kuti ufulu wa anthu amenewa uzilemekezedwa pofuna kulimbana ndi HIV. Sanamuzenge pa ndime 155 ayi. Anagwiritsa ndime 178(g), ya kukopa anthu pagulu kuti achite zachiwerewere. Majisitireti anamumasula mu Febuluwale 2014, boma linachita apilo, High Court n'kugwirizana ndi majisitireti mu Meyi 2015. Chigamulocho chimatanthauza kuti kupempha kuti lamulo lisinthe si mlandu. Koma munthuyo anatha zaka ziwiri akuyendera khoti kuti zimenezo zimveke.

Daka wa ku Katete
Ine ndinene poyera kuti khalidweli sindigwirizana nalo. A Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mawuwo ali m'mawu oyamba a malamulo oyendetsera dziko. Koma poti a Jere ati tikambe mbiri, tiikambe yonse, osati kumupaka munthu mafuta okhaokha.

Pa 22 Sepitembala 1975 mayi wina, Sara Jane Moore, analoza mfuti Pulezidenti Gerald Ford ku San Francisco. Msilikali wakale Oliver Sipple anamugwira dzanja, chipolopolo n'kuphonya. Sipple anali asanauze makolo ake za moyo wake. Milk anakauza mtolankhani Herb Caen, poganiza kuti dziko lidziwe kuti wopulumutsa pulezidenti ndi mmodzi wa iwo. Nkhani itatuluka, abale ake a Sipple anamufulatira, ndipo mlandu umene anasumira manyuzipepala anagonja. Apo Milk anagula ndale ndi moyo wa mnzake osamupempha.

Chachiwiri, mu Febuluwale 1978 analembera kalata Pulezidenti Jimmy Carter yoikira kumbuyo Jim Jones wa mpingo wa Peoples Temple. Miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake, pa 18 Novembala, anthu oposa 900 a mpingowo anafera ku Jonestown m'dziko la Guyana.

Sakala wa ku Kapata
Zonse ziwirizo n'zoona, a Daka. Pa za Jones, sanali yekha. Moscone anafika pomupatsa Jones mpando mu bungwe loona za nyumba mumzindawo. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo kampeni: mpingo umene ungakutumizire mabasi odzaza anthu ogawa timapepala, wandale saufunsa mafunso ambiri. Si kuti ndikumuchotsera mlandu. Walira mvula walira matope.

Amai Mwale
A Daka, ndime 155 ija musaiyese ya makolo athu kapena ya a Chiluba. Inabwera ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1930, dziko lino likadali Northern Rhodesia, ndipo mawu ake ndi ofanana ndi a ndime 153 ya ku Malawi chifukwa zinachokera pa chikombole chimodzi. Eni ake ku England anauchotsa mlanduwo mu 1967. Mutha kuikonda ndimeyo, ndi ufulu wanu, koma mudziwe kumene inabadwira.

Daka wa ku Katete
Amai, kobadwira ndavomera. Koma amene anakweza chilango mu 2005 ndi aphungu athu ku Manda Hill, si azungu. Mwana wobwera naye ukamulera zaka zonsezi ndi wako.

J. Tembo
Apo a Daka mwalasa. Tibwerere kwa Milk, chifukwa pampando anakhalapo miyezi 11 yokha ndipo anthu amaganiza kuti anachita zambirimbiri. Malamulo a mzinda amene amakumbukika ndi awiri.

Loyamba linaletsa kuchotsa munthu ntchito, kumumana nyumba ya lendi kapena kumukaniza malo a anthu onse chifukwa cha amene amagona naye. Linadutsa, wotsutsa ali mmodzi yekha, khansala mnzake Dan White, ndipo Moscone analisaina ndi cholembera chimene Milk anamupatsa.

Lachiwiri mudzaseka. Linali la manyi a agalu, pepani mawuwo. Milk anaona kuti dandaulo lalikulu la anthu a mumzinda ndi uve wa agalu m'misewu ndi m'mapaki, ndiye anabweretsa lamulo loti mwini galu aziwola yekha. Anaitana atolankhani ku Duboce Park. Akulankhula, anaponda manyiwo ngati mwangozi, n'kutukula nsapato akuyang'ana kunsi kwake, makamera akujambula. Antchito ake ankadziwa kuti anafika pamalopo ola lathunthu atolankhani asanabwere, kusakasaka poti adzaponde. Madzulo ake nkhope yake inali pa TV paliponse, ndipo makalata oyamikira anachuluka kuposa pa china chilichonse.

Khansala wa kuno amvetse pamenepa. Ngalande yotsekeka ku Saturday Market, zinyalala zosawoledwa, mjigo wakufa: wokonza zimenezo anthu amamumvera ngakhale pa nkhani imene sakuifuna.

Esnart Phiri
Ntchito yake yaikulu sinali mu khonsolo, a Tembo. Inali Proposition 6. Ku California nzika zikasonkhanitsa masiginecha okwanira, funso limapita pa pepala lovotera popanda kudzera kwa aphungu. Mu 1977 woimba Anita Bryant anatsogolera kampeni imene inagwetsa lamulo loteteza anthuwa ku Dade County, Florida. Senator John Briggs ataona zimenezo anabweretsa yake: mphunzitsi wa sukulu ya boma wogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake achotsedwe ntchito, pamodzi ndi mphunzitsi aliyense wowaikira kumbuyo poyera.

Poyamba kafukufuku ankaonetsa kuti idutsa mosavuta. Zinthu zitatu zinaigwetsa. Milk ndi mphunzitsi wa pa yunivesite Sally Gearhart anamutsata Briggs pa mitsutso ya pa TV ndi m'maholo, osamusiya alankhule yekha. Anthu wamba anayenda khomo ndi khomo, ambiri akuulula kwa abale ndi anzawo a kuntchito kwa nthawi yoyamba, chifukwa Milk ankati munthu savotera kuchotsa ntchito munthu amene amamudziwa. Chachitatu ndi mawu a biluyo. Gawo lija la "woikira kumbuyo" linali lotambalala kwambiri moti Ronald Reagan, bwanamkubwa wakale wa California komanso munthu wosunga mwambo, anaikana poyera, poona kuti mwana wolephera mayeso akhoza kungonamizira mphunzitsi n'kumuwonongera moyo. Carter ndi bwanamkubwa Jerry Brown anaikananso. Pa 7 Novembala 1978 inagwa ndi mavoti oposa 1 miliyoni, pafupifupi 58 kwa 42, ndipo inagwa ngakhale kwawo kwa Briggs ku Orange County.

Briggs analemba bilu yoluma anthu ambiri kuposa amene ankawafuna. Akanaichepetsa, mwina mbiri ikanakhala ina.

Mabvuto Zulu
Ndiye patangotha masiku 20 anaphedwa. Anthu ena amati White anamupha chifukwa cha chidani basi, ena amati inali nkhani ya mpando. Zoona ndi ziti?

Sakala wa ku Kapata
Ziwirizo zinalukana. White anali wapolisi, kenako wozimitsa moto, ndipo anapambana chigawo cha 8 tsiku lomwelo Milk anapambana cha 5. Poyamba ankagwirizana. Anadana pa nkhani ya nyumba yosungira achinyamata ovuta imene inkafuna kutsegulidwa m'chigawo cha White. White ankadalira voti ya Milk kuti aikane, Milk n'kuvotera mbali ina. Chichokereni apo White ankatsutsa chilichonse cha Milk.

Pa 10 Novembala 1978 White anatula pansi udindo, akuti malipiro a madola 9,600 pa chaka sakukwanira banja. Lamulo linamuletsa kupitiriza ntchito ya ozimitsa moto ali khansala, ndipo kabizinesi kake ka mbatata zophika sikankayenda. Patapita masiku ochepa anafuna mpando wake ubwerere. Apa ndi pamene masamu alowanso. Khonsolo inkagawika 6 kwa 5, mbali ya Moscone ili yochepa. White atachoka, meya anali ndi mphamvu yoika munthu wake n'kutembenuza chiwerengerocho. Moscone poyamba anavomera kumubwezera, koma Milk ndi ena anamuumiriza kuti asatero.

Pa 27 Novembala, tsiku loti meya alengeze wolowa m'malo, White analowa mu City Hall, nyumba ya maofesi a meya ndi khonsolo, kudzera pa windo la chipinda chapansi pothawa makina ofufuza zitsulo pakhomo. Anali ndi mfuti yake ya ku polisi ndi zipolopolo zapadera m'thumba. Anawombera Moscone mu ofesi yake, anaikanso zipolopolo zina, anadutsa khonde lonse, n'kumuitanira Milk m'chipinda ndi kumuwombera kasanu. Milk anali ndi zaka 48. Dianne Feinstein, wapampando wa khonsolo, ndiye anauza atolankhani, ndipo ndiye anakhala meya. Usiku womwewo anthu masauzande ambiri anayenda ndi makandulo kuchokera ku Castro mpaka ku City Hall.

Amai Mwale
Mlandu wa White ndi phunziro kwa aliyense wowerenga zamalamulo. Tsiku limene Proposition 6 inagwa, bilu ina ya Briggs yemweyo, Proposition 7, inadutsa, yokulitsa milandu ya chilango cha imfa. Choncho White akanatha kunyongedwa. Umboni woti anakonzekera unali mbwee: windo, zipolopolo zapadera, kuikanso zipolopolo pakati pa anthu awiriwo. Kuno tikanati ndime 200 ndi 204 zakwanira, kupha mwadala.

Zinalakwika zitatu. Choyamba, ku America mlandu wotere amagamula ndi anthu wamba 12 otchedwa jury, osati jaji yekha ngati kuno. Loya wa White, Douglas Schmidt, anaonetsetsa kuti pa anthu 12 aja pasakhale wogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake, ndipo ambiri anali azungu a moyo wofanana ndi wa White. Woimira boma sanalimbane nazo, poganiza kuti anthu otere ndi amene savuta kugamula imfa. Chachiwiri, woimira boma anawaseweretsa tepi ya White akuvomera mlandu uku akulira, wofunsa mafunso ali wapolisi mnzake wakale. M'malo mokwiya, ena mwa a jury analira naye. Chachitatu, boma silinafotokoze mokwanira za mkangano wa ndale, ndiye nkhani inatsala yoti munthu wabwino anasokonezeka mutu.

Pa 21 Meyi 1979 anamupeza wolakwa pa kupha kosakonzekera, kofanana ndi ndime 199 yathu. Chilango chinali zaka 7 ndi miyezi 8 pa mitembo iwiri. Anakhala zaka zisanu, anatuluka mu Januwale 1984, n'kudzipha mu Okutobala 1985.

Daka wa ku Katete
Si uja amati anapulumuka ponena kuti anadya makeke ambiri?

Amai Mwale
Imeneyo ndi nkhani yopotoka, a Daka. Dokotala wa zamaganizo Martin Blinder sananene kuti shuga ndiye anamuphetsa anthu. Anati munthu amene kale ankasamala thupi lake atayamba kudya zotsekemera zokhazokha, kusiya kumeta ndi kudzipatula, zimenezo ndi zizindikiro za matenda a maganizo. Chakudyacho chinali chizindikiro, osati chifukwa. Atolankhani anaifupikitsa, nkhani ya makeke ija n'kukakamira. Komabe ukali wa anthu unachititsa kuti pofika 1982 California ithetse chitetezo chimenecho cha kuchepa kwa nzeru pa nthawi ya mlandu.

Usiku wa chigamulo anthu anaswa magalasi a City Hall ndi kutentha magalimoto a polisi. Pambuyo pake apolisi anakalowa mu bala ina ku Castro, Elephant Walk, n'kumenya amene anawapeza. Kutacha linali tsiku limene Milk akanakwanitsa zaka 49.

Esnart Phiri
Poti tili kuno, tisamangoyang'ana kutsidya kwa nyanja. Simon Nkoli wa ku South Africa anayenda njira ina, ndipo iyeyo mlandu unali ukadalipo m'dziko lake. Anabadwira ku Soweto mu 1957, analowa ndale kudzera mu bungwe la ophunzira la COSAS, ndipo anamangidwa mu 1984 pa zionetsero zokana kukwera kwa lendi ku Vaal. Anali mmodzi wa anthu 22 a mlandu woukira boma wa Delmas, pamodzi ndi Mosiuoa Lekota ndi Popo Molefe. Ali m'ndende anaulula kwa anzakewo. Ena anafuna kuti azengedwe payekha, koma pomaliza anamulandira, chifukwa chingwe chimene chinkawadikira chinali chimodzi. Bungwe la ogonana okhaokha limene analimo, GASA, lodzaza ndi azungu, silinamuthandize, likuti silichita ndale.

Anamasulidwa mu 1988, anayambitsa bungwe lina la anthu amenewa lotchedwa GLOW, ndipo pa 13 Okutobala 1990 iye ndi Beverley Ditsie anatsogolera ulendo woyamba wa mumsewu wofuna ufulu wa anthu amenewa ku Johannesburg. Anthu anali pafupifupi 800, ena atavala mapepala a m'sitolo kumutu kuti asadziwike. Nkoli sanakhalepo khansala kapena phungu. Koma pamene chipani cha ANC chinkalemba malamulo atsopano, anthu amene anagona naye m'selo anali pa tebulo. Ndime 9(3) ya malamulo a 1996 inaletsa tsankho limeneli, koyamba pa dziko lonse m'malamulo oyendetsera dziko. Khoti la malamulowo linathetsa mlandu wa kugonana kwa amuna mu Okutobala 1998, Nkoli n'kumwalira ndi Edzi pa 30 Novembala chaka chomwecho.

Maiko otizungulira nawonso sanayende njira imodzi. Mozambique inangolemba Penal Code yatsopano imene inayamba mu 2015. Botswana inadzera kukhoti mu 2019, apilo n'kutsimikiza mu 2021. Kuseri kwa Mwami, ku Malawi, a Bingu wa Mutharika anakhululukira anthu awiri mu Meyi 2010 atagamulidwa zaka 14, koma lamulo linatsala, ndipo khoti linalisunga mu Juni 2024. Kuno a Lungu anakhululukira amuna awiri a ku Kapiri Mposhi mu Meyi 2020 atagamulidwa zaka 15. Kukhululuka kumatulutsa munthu, ndime imakhala pomwepo.

J. Tembo
Nkoli ndi Milk akufanana pa chimodzi, amai Phiri: onse anayamba asenza katundu wa anthu ena, wina lendi ya ku Vaal, wina malipiro a madalaivala.

Mabvuto Zulu
A Sakala, funso lomaliza. Ngati zigawo ndizo zinamulowetsa, mpandowo unatha bwanji iye atafa?

Sakala wa ku Kapata
Apa ndiye pamene mfundo yanga ija imatsimphina, ndivomere. Milk atangopambana mu Novembala 1977 anajambula mawu pa tepi, yoti idzamvedwe ngati ataphedwa, n'kutchula anthu amene angalowe m'malo mwake ndi amene sakuwafuna. Feinstein anasankha mmodzi wa otchulidwawo, Harry Britt, amene kale anali mbusa wa Methodist, mu Januwale 1979. Britt anapambana chigawo cha 5 chaka chomwecho.

Mu 1980 anthu anavota kuthetsa zigawo, ena akuti ndizo zinalowetsa munthu ngati White mu khonsolo. Masankho anabwerera ku mzinda wonse, njira yomwe ija inamugwetsa Milk kawiri. Britt anaima mumzinda wonse mu 1980 n'kupambana, anapambananso mu 1984 ndi 1988, mpaka anakhala wapampando wa khonsolo. Zigawo zinadzabwereranso pa masankho a 2000.

Daka wa ku Katete
Ndiye kuti a Zulu anafunsa bwino poyamba paja. Mitima inasinthadi, kungoti mochedwa.

Sakala wa ku Kapata
Pofika 1980, inde. Mu 1977 ayi. Mu 1977 anali 30 pa 100 m'chigawo chimodzi mwa 11.